PHULA LATSOPANO TALIONA, NANGA WAPANSI ADUTSA PATI?

*UTHENGA KWA ACHINYAMATA ONSE. WERENGANI MPAKA KUMAPETO, KENAKO TUMIZANI KU MAGULU ANU*



Lero tikambe za msewu wa M1. Tikudziwa, ena mwayamba kale kunena kuti aaa, anyamata awa ayambanso, msewu ukaonongeka akulira, ukakonzedwa akuliranso. Dekhani kaye. Ife sitikudana ndi phula. Aliyense amene anakwerapo minibasi kuchoka ku Lilongwe kupita ku Kasungu nthawi ya maenje ija akudziwa mmene msana umapwetekera, mmene matayala amaphulikira, ndi mmene m'mphepete mwa msewu munadyekera mpaka malole awiri kumavutika kupatukirana. Kukonzedwa kwa M1 tinakulirira zaka zambiri, ndipo pomwe ntchito yagwirika bwino tikuyamika.

Koma funso lathu ndi limodzi basi. Msewuwu akukonzera wa galimoto yekha, kapena ndi wapansi yemwe? Mwana wa sitandade 2 wowoloka kupita kusukulu, agogo a ndodo, mayi wa mwana kumsana ndi dengu pamutu, mnzathu wa pa wilitcheya, mnzathu wosaona woyenda ndi ndodo yoyera: amenewa awaganizira?

*MSEWU NDI WATHU, NGONGOLE NDI YATHUNSO*

M1 ndi msana wa dziko lino. Umayambira ku Songwe, m'malire ndi Tanzania, kudutsa Karonga, Mzuzu, Kasungu, Lilongwe, Dedza, Ntcheu, Blantyre ndi Chikwawa mpaka ku Marka m'boma la Nsanje. Mafuta ochokera ku Dar es Salaam amadzera momwemo. Fodya wopita ku Chinkhoma ndi ku Kanengo amadzera momwemo. Odwala, maliro, akwati, chimanga, zonse ndi M1.

Ntchito yaikulu yomwe inakhazikitsidwa mu 2022 ndi yokonzanso makilomita 301 m'zigawo zinayi: kuchokera pa mphambano ya bwalo la ndege la Kamuzu kukafika ku Kasungu, Kasungu mpaka Jenda, Jenda mpaka pa mphambano ya ku Mzimba, ndi Kacheche mpaka Chiweta. Ndalama zake zina ndi thandizo la European Union, pafupifupi mayuro 43 miliyoni, koma gawo lalikulu, mayuro oposa 95 miliyoni, ndi ngongole ya ku European Investment Bank. Tamvetsani mawu amenewo: ngongole. Kalembera wa 2018 anapeza kuti theka la Amalawi linali lisanakwane zaka 18. Ndiye mukuganiza kuti ngongoleyo adzabweze ndani? Si agogo omwe anasainira aja ayi. Ndi ife, ndi ana athu.

Komanso sitikudikira mtsogolo kuti tiyambe kulipira. Pa lita iliyonse ya petulo ndi dizilo pali kamsonkho ka misewu kopita ku Roads Fund Administration. Pa M1 yemweyu pali zipata zolipiritsa, pa Chingeni kuyambira 2021 ndi pa Kalinyeke ku Dedza kuyambira 2022. Wina anena kuti amalipira ndi eni magalimoto. Bodza limenelo. Wa minibasi akalipira pa chipata amaiika ndalamayo pa mtengo wokwerera. Wa lole amaiika pa thumba la simenti ndi pa paketi ya shuga. Munthu amene sanagwirepo chiwongolero chibadwire akulipira msewuwu tsiku ndi tsiku. Wolipira ali ndi ufulu wofunsa, ndipo tonse tikudziwa zomwe anadya safunsa: phula.

*MSEWU WOSALALA NDI MSEWU WA LIWIRO*

Pali chinthu chomwe sachinena pa tsiku lodula riboni. Maenje aja, ngakhale anali oipa, ankagwira ntchito ya hampu. Dalaivala ankakakamizika kuchepetsa. Mukathira phula losalala osawonjezera china chilichonse, ndiye kuti mwachotsa chomwe chimaletsa liwiro, pomwe anthu owoloka ndi omwe aja, msika ndi womwe uja, sukulu ndi yomwe ija.

Tiwerengere limodzi. Galimoto yothamanga makilomita 50 pa ola imayenda mamita pafupifupi 14 pa sekondi imodzi. Ikafika pa 100, ndi mamita 28 pa sekondi. Dalaivala asanaponde n'komwe buleki, pongoona mwana ndi kudzidzimuka, galimoto yatha kale mtunda umenewo. Ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woti galimoto iime mabuleki atagwira umawirikiza kanayi. Bungwe la WHO limanena kuti liwiro likangokwera ndi 1 peresenti, chiopsezo cha ngozi yakupha chimakwera ndi 4 peresenti, ndipo wapansi wogundidwa pa 65 ali pa chiopsezo cha imfa choposa kanayi poyerekeza ndi wogundidwa pa 50. Bungwe lomweli likuti ngozi za pamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni pa chaka dziko lonse lapansi, ndipo ndizo zikutsogola kupha ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Zaka zimenezo ndi zathu, anzathu. Oposa theka la omwalirawo ndi apansi, apanjinga zakapalasa ndi a njinga zamoto. Ndi ife a kabaza, ife oyenda wapansi kukasaka ganyu.

Tsopano taganizani za M1. Sudutsa m'chipululu. Umalowa pakati penipeni pa Lumbadzi, Mponela, Madisi, Chatoloma, Nkhamenya, Jenda. Kumwera ukudutsa Lizulu, Kampepuza, Tsangano turn-off, Zalewa, Lunzu. Pa tsiku la msika, msewu ndi msika zimakhala chinthu chimodzi. Sitinaiwale zomwe zinachitika pa Kampepuza ku Ntcheu mu 2019, lole italowa pakati pa anthu pa msika n'kupha ambiri nthawi imodzi. Tinalira, akuluakulu anapita kukapepesa, tinabwerera ku zathu. Pepani sapoletsa chilonda. Chomwe chimateteza munthu ndi kamangidwe ka msewu, osati chikwangwani cha 50 chomwe dalaivala amachidutsa ngati mphepo.

*AMENE AMAIWALIDWA POJAMBULA MAPULANI*

Kalembera yemwe uja wa 2018 anapeza kuti anthu oposa 1.5 miliyoni a zaka 5 kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wa mtundu wina, ndiye kuti munthu mmodzi pa anthu 10 alionse. Mwa amenewa, pafupifupi theka amavutika kuona, oposa kota amavutika kuyenda kapena kukwera, ndipo pafupifupi kota amavutika kumva. Palinso anzathu achialubino oposa 134,000, omwe ambiri maso awo saona patali, makamaka dzuwa likaswa mtengo. Amenewa si anthu ochepa oti tidzawaganizira ndalama zikatsala. Ndi banja lililonse, mpingo uliwonse, mzikiti uliwonse, kalasi iliyonse.

Tayesani kuuona msewu ndi maso awo. Wa pa wilitcheya akafika pa kakhoma ka simenti ka m'mphepete mwa msewu, kotalika ngati chikhatho chokha, ulendo wathera pomwepo. Asankhe: kudikira munthu womunyamula ngati thumba la chimanga, kapena kulowa pa phula kukapikisana ndi malole. Wosaona akamayenda m'mbali mwa ngalande yosavindikira, ndodo ikaphonya kamodzi wathyola mwendo. Wosamva sadziwa kuti kumbuyo kwake kukubwera njinga yamoto yomwe yakwera njira ya apansi, ngakhale iimbe hutala kakhumi. Maloboti akayaka, wosaona adziwa bwanji kuti yafika nthawi yake, poti loboti salankhula?

M'mizinda vuto lake ndi linanso. Ku Lilongwe misewu ina yakuzidwa kufika mizere 6. Mzere umodzi ndi mamita pafupifupi 3.5, ndiye mizere 6 ndi mamita 21. Munthu wamphamvu woyenda mamita 1.2 pa sekondi afunika masekondi 18 kuti awoloke. Agogo kapena munthu wa ndodo zoyendera, woyenda mamita 0.8 pa sekondi, afunika masekondi 26. Loboti ikapatsa apansi masekondi 15, ndiye kuti yamusiya pakati pa msewu magalimoto akuliza. Pakakhala palibe loboti n'komwe, apemphere.

Ndipo tisanamizane kuti nkhani imeneyi ndi ya ena. Ulumali suchita kuitanidwa. Lero ukuthamangira minibasi, mawa njinga yakugwetsa, sitiroko yakupeza, shuga wakudula mwendo, kapena wangokalamba. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Malo otsetsereka omwe tikupemphera wa wilitcheya adzathandizanso wa wilibala, wa njinga ya makala, mayi woyembekezera, ndi iwe wemwe pa zaka 70.

*SITIKUPEMPHA CHIFUNDO, NDI LAMULO*

Malamulo oyendetsera dziko lino, pa gawo 20, amaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali. Mu 2009 Malawi anavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, ndipo gawo 9 la panganolo limatchula misewu ndi mayendedwe mwachindunji pa zinthu zomwe boma liyenera kuchotsamo zopinga. Mu 2012 tinakhala ndi lamulo la anthu aulumali. Mu 2024 linabwera lamulo latsopano lomwe linalowa m'malo mwa lakalelo, n'kukhazikitsa bungwe la MACODA m'malo mwa MACOHA. Mapepala tili nawo okwanira. Pa zolemba, Malawi ndi dolo. Koma wilitcheya siyenda pa pepala.

Sitikuloza chala chipani chilichonse. Maboma asinthana, nduna zasinthana, koma chizolowezi choyeza chitukuko ndi makilomita a phula okha sichinasinthe. Amene ali pampando lero ndi amene tikumufunsa lero, ndipo wobwera mawa adzapeza funso lomweli likumudikira pa tebulo.

*ZOMWE TIKUFUNA*

Kwa Unduna wa za Mtengatenga, Roads Authority, Roads Fund Administration, nthambi ya DRTSS, ndi makhonsolo onse omwe M1 imadutsa, mfundo zathu ndi izi. Pomwe zachitika kale tiwomba m'manja. Pomwe sizinachitike, zichitike ntchito isanalandiridwe.

1. *Njira ya apansi yeniyeni* mbali zonse ziwiri pa malo aliwonse a malonda, pasukulu ndi pachipatala. Ikhale yokwera pang'ono, yolekanitsidwa ndi phula, yotakata mamita osachepera 1.8 kuti mawilitcheya awiri apatukirane. Kamzere kachikasu ka m'mphepete mwa phula si njira ya apansi. Mmenemo ndi momwe lole imathawira ikakumana ndi inzake.

2. *Malo otsetsereka* pa powolokera paliponse ndi pa siteji iliyonse. Muyezo wodziwika ndi wakuti pokwera mita imodzi pakhale mamita 12 a kutalika. Rampu yonga phiri la Chiweta si rampu, ndi msampha.

3. *Ngalande zivindikiridwe* pomwe pamadutsa anthu, ndipo mapolo a magetsi ndi zikwangwani zisaime pakati pa njira ya apansi.

4. *Zebra zokwera ngati hampu*, zokhala ndi tizitunda tochenjeza dalaivala asanafike. Ziikidwe pomwe anthu amawolokera kale, osati pomwe injiniya waona kuti papepala pakongola. Munthu wa ndodo sangayende theka la kilomita kukafuna zebra pomwe chipatala chili tsidya lomwelo.

5. *Kachilumba ka pakati pa msewu* pa misewu yonse ya mizere yambiri, kotakata moti wilitcheya kapena mayi ndi ana awiri aimepo, kodulidwa pakati kuti matayala adutse.

6. *Maloboti oganizira apansi*: okhala ndi batani lomwe wa pa wilitcheya angalifikire, olira kuti wosaona amve, opatsa nthawi yowerengera agogo osati wothamanga wa mpikisano. Akhale ndi sola ndi batire, chifukwa tonse tikudziwa mmene magetsi amachitira kuno.

7. *Matailosi a tiziphuphu ndi timizere* omwe wosaona amawamva ndi phazi ndi ndodo. Si zachilendo izi. Anazitulukira Seiichi Miyake ku Japan, ndipo zinaikidwa koyamba mu mzinda wa Okayama mu 1967. Japan yemweyo anatithandiza kukonza msewu wa Masauko Chipembere ku Blantyre ndi mlatho wa Lilongwe. Luso lilipo, chosowa ndi kulifunsa.

8. *Liwiro la 30* pasukulu, pachipatala ndi pamsika. Mayiko anagwirizana zimenezi ku Stockholm mu 2020, kuti pomwe anthu ndi magalimoto amasakanikirana liwiro lisapitirire pamenepo, ndipo United Nations inaika cholinga chodula ndi theka imfa za pamsewu pofika 2030.

9. *Magetsi a mumsewu* pa malo owolokera, ndi masiteji olowa mkati kuti minibasi isatsitse anthu pa phula.

10. *Anthu aulumali akhale nawo poyendera ntchito.* FEDOMA, Malawi Union of the Blind, MANAD ndi mabungwe ena alipo. Kontirakitala asanapatsidwe chiphaso choti wamaliza, munthu wa pa wilitcheya ndi munthu wa ndodo yoyera adutse pamalopo okha popanda wowagwira dzanja. Akalephera, ntchito sinathe. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

*MAYANKHO AWO TIKUWADZIWA KALE*

Anena kuti ndalama palibe, kwacha inagwa, zipangizo zinakwera. Zoona, kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu 2022 ndi 44 peresenti mu 2023, ndipo tonse tinamva kuwawa. Koma taonani chomwe chimayamba kudulidwa bajeti ikafinya. Si magalimoto a mabwana, si maalawansi a misonkhano ya kunyanja. Ndi njira ya apansi, ndi zebra, ndi magetsi. Pa ntchito ya mamiliyoni a mayuro, rampu ndi utoto ndi kachigawo kakang'ono kwambiri. Ndipo kuika rampu pomanga n'kotchipa kuposa kudzaswa simenti yowuma patatha zaka zitatu. Kuwongola mtengo ndi uli waung'ono. Komanso ndalama yomwe mwapulumutsa pa zebra mukailipira ku Kamuzu Central ndi ku Queens, pa mabedi, pa zitsulo za m'mafupa, pa mabokosi. Kusiyana kwake n'kwakuti imeneyo amalipira ndi mabanja osauka.

Anena kuti tikamanga njira za apansi mavenda adzazamo. Mavenda ndi abale athu, ambiri ndi achinyamata anzathu osowa ntchito. Amakhala m'mphepete mwa msewu chifukwa kasitomala ali pomwepo. Yankho si utsi wokhetsa misozi, ndipo yankho si kusiya kumanga njira. Yankho ndi kuwakonzera malo pafupi ndi siteji, kuseri kwa njira ya apansi, poti galimoto itha kuima bwino n'kugula. Ndipo musanathamangitse mayi wa tomato, yambani mwachotsa magalimoto akuluakulu omwe amaimikidwa pa njira za apansi m'tauni masana dzuwa likuwala.

Anena kuti timanga milatho ya apansi. Mlatho wa masitepe 40 wathandiza wa galimoto kuti asaime, koma wa wilitcheya, agogo ndi wa njinga ya katundu wawatsekera kunja. Usiku atsikana amaopa kukwerako. Mapeto ake anthu amadutsa pansi pomwepo, pomwe tsopano dalaivala sakuyembekezera munthu. Ngati pakufunikadi mlatho, ukhale ndi rampu ndi magetsi. M'malo ambiri zebra yokwera ndi loboti zimagwira ntchito yabwino pa mtengo wochepa.

Anena kuti hampu zichedwetsa malonda, M1 ndi msewu wa mayiko. Tiwerengerenso. Kudutsa kilomita imodzi pa 80 kumatenga masekondi 45. Pa 30 kumatenga mphindi 2. Kusiyana kwake ndi mphindi imodzi ndi masekondi 15. Lole yomwe imagona masiku pa boda kudikira mapepala isatiuze kuti mphindi imodzi ya pa Mponela ndi imene yaigwetsa bizinesi.

Anena kuti Amalawi amaba zipangizo. Apa mpoona, ndipo tikunena mosapsatira: wozula chikwangwani kukapanga mbaula, wakuba batire la sola ya mumsewu, wochotsa chivindikiro cha ngalande kukagulitsa kwa a zitsulo, ameneyo si mnzathu pa nkhondoyi. Ndi wakupha wosagwira mpeni. Koma mbava siiletsa kumanga nyumba. Imakuphunzitsa kuika chitseko cholimba. Gwirani ogula zitsulozo, msika wake utha.

*NDIYE IFE TICHITE CHIYANI?*

Kukwiya pa foni kokha sikunavindikirepo ngalande. Ntchito ndi iyi:

*Choyamba, yendani.* Pa dera lanu, tenganani anthu asanu kapena khumi, muitane anzathu aulumali kuti atsogolere iwowo. Osawanyamula ngati chikwangwani chojambulitsa ayi, iwo ndi amene akudziwa povuta. Yendani kilomita imodzi ya msewu wa kwanu. Jambulani pomwe palibe rampu, pomwe ngalande ili pululu, pomwe zebra yafufutika, pomwe loboti yafa. Werengani masekondi omwe apansi amapatsidwa. Lembani dzina la malo ndi tsiku. Osajambula nkhope ya munthu asanavomere, makamaka ana. Osawonjezera mchere, osatumiza chithunzi cha dziko lina n'kumati ndi pa Madisi. Bodza limodzi ligwetsa zoona zathu zonse.

*Chachiwiri, lembani.* Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020. Limakulolani kupempha ofesi ya boma kuti ikuonetseni zikalata, ndipo iyenera kuyankha m'masiku 15 ogwira ntchito. Pemphani mapulani a msewu pa malo anu a malonda, ndi mndandanda wa zomwe kontirakitala analipidwa kuti amange. Ngati pepala likuti pali njira ya apansi koma pansi pali fumbi, tili ndi nkhani. Akakana kuyankha, Malawi Human Rights Commission ndi imene imayang'anira lamuloli. Sungani kope ya kalata iliyonse yodindidwa.

*Chachitatu, fulumirani.* Pa ntchito za misewu pamakhala nyengo, kawirikawiri chaka chimodzi ntchito itatha, yomwe kontirakitala amayenera kukonza zolakwika ndi ndalama zake. Nyengo imeneyo ikadutsa, makina apita, kampu yapasulidwa, zotsala ndi za msonkho wathu. Nthawi yolankhula ndi ino.

*Chachinayi, gogodani pa makomo a omwe tinawavotera.* Khansala ndi phungu wa dera lanu afunsidwe pagulu: pa mfundo khumi izi, mwatsatira ziti? Pitani ku misonkhano ya ADC ndi VDC. Mafumu, akuluakulu a mipingo ndi mizikiti, makomiti a sukulu, onsewa aikapo kale maliro a ngozi. Sadzavuta kumva.

*Chachisanu, kwa anzathu a kabaza, a minibasi ndi a Sienta.* Inu ndi ife, ife ndi inu. Tikudziwa za tageti ya bwana, tikudziwa mtengo wa mafuta. Koma njira ya apansi si yodulira kyuu. Munthu akakweza ndodo yoyera, imani. Wa wilitcheya akakuimitsani, musamudutse ngati simunamuone, ndipo musamulipiritse kawiri chifukwa cha mpando wake. Mpandowo ndi miyendo yake.

*ZA MADEMO*

Ambiri mukufunsa kuti tituluka liti. Gawo 38 la malamulo a dziko lino limatipatsa ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero mwamtendere, opanda zida. Ufulu umenewo sitinaubwereke kwa munthu, ndipo sitikuutaya. Koma tiyamba ndi umboni ndi makalata, kuti tsiku lomwe tidzatuluke pasadzapezeke wonena kuti sitinawauze. Zikadzafika pamenepo tidzadziwitsa bwanamkubwa maola 48 zisanachitike monga lamulo la apolisi limanenera, ndipo uthenga mudzaumva pompano. Mukalandira tsiku kapena malo kuchokera kwina, dziwani kuti si ife.

Ndipo tigwirizane chinthu chimodzi lero lomwe. Palibe kuotcha matayala pa phula. Moto umasungunula phula, mvula ikalowa pamenepo pabadwa dzenje, ndipo ngongole ija ikhalabe pa khosi pathu. Palibe kugenda maloboti omwe tikumenyera kuti aikidwe. Palibe kuthyola mashopu. Ndipo ulendo wathu udzayenda pa liwiro la woyenda pang'onopang'ono kuposa tonse. Wa wilitcheya patsogolo, wa ndodo yoyera patsogolo, womasulira chinenero cha manja pambali pa wolankhula. Sitingafune msewu wa aliyense ndi zionetsero za amphamvu okhaokha.

Akuluakulu, mwamanga phula, zikomo. Tsopano malizani msewu. Musatiwerengere makilomita okha. Mutiuze kuti ndi masukulu angati omwe ali ndi zebra yokwera, ndi maloboti angati omwe amalira, ndi misika ingati yomwe ili ndi njira ya apansi. Pa Lumbadzi, pa Mponela, pa Jenda, mwana wa zaka 7 ndi agogo ake awoloke popanda kuthamanga. Pamenepo riboni mudule, ife tidzabwera kudzavina.

Anzathu, mutu umodzi susenza denga. Tumizani uthengawu ku gulu la kwanu, la kutchalitchi, la kumzikiti, la mpira, la banki mkhonde. Amene ali ndi mnzake wosaona, amuwerengere mokweza kapena aujambule mawu n'kumutumizira. Zithunzi ndi malipoti a m'madera mwanu perekani kwa oyendetsa gulu lanu.

Msewu ndi wa tonse.

*Achinyamata anzanu*